Sapu ya OSCE: momwe ndinakonzekerera ndili kumudzi, ndi ndalama zomwe zinapita

1 Julaye 2024

Zotsatira zinatuluka Lachisanu. Pepala lolemba la Fundamentals of Nursing ndakhoza bwino lomwe, koma OSCE ndagwa. Kwa inu amene simunafikepo, OSCE ndi mayeso a manja. Mumalowa m'chipinda momwe muli masiteshoni angapo, pa siteshoni iliyonse pali ntchito imodzi yoti muchite, mphunzitsi waima pambali ndi pepala lake akuchonga, ndipo belu likalira mumasuntha, kaya mwamaliza kaya simunamalize. Ife anatipatsa masiteshoni 6, mphindi 8 pa iliyonse. Ndinagwa pa atatu: kuyeza BP, kubaya jakisoni wa mumnofu, ndi kuwerengera madontho a dilipi. Sapu, mayeso obwereza kwa amene tagwa, ili pa 20 Ogasiti, ndiye ndili ndi masabata 7.

Ndisananyamuke kubwera kuno ndinakagogoda kwa aphunzitsi athu kuti andionetse pomwe ndinalakwa. Ananditulutsira pepala lija. Mizere yambiri yomwe inalibe chongi inali ya zinthu zomwe ndimazidziwa ngati dzina langa: kupereka moni, kutsimikiza dzina la wodwala, kupempha chilolezo, kuona tsiku lomwe mankhwala athera ntchito, kusamba m'manja pomaliza. Ndinati, "Madam, komatu tsikulo ndinaliona pa kabotolo paja." Iwo anangoti, "Unaliona ndi maso ako, ine sindinamve. Sindichonga zomwe zili m'mutu mwako."

Ndiye ntchito yake ndi imeneyi: kusandutsa chipinda chomwe ndimagona ndi mng'ono wanga kukhala wodi yaing'ono, n'kumachita ntchito iliyonse ndi manja, mokweza mawu, nthawi ikuwerengedwa. Achimwene andipatsa K50,000 ndipo anenetsa kuti ina kulibe. Ndachititsa kale fotokope ya mapepala omwe aphunzitsi amachongera, masamba 46 pa K100 tsamba limodzi, yonse K4,600.

3 Julaye

Ndinapita m'tauni. Makina a BP opopa ndi manja, pamodzi ndi stethoscope yake, K27,000. Oyendera mabatire analipo koma ndi okwera mtengo, komanso pamayeso amafuna a manja. Thermometer K4,000. Wotchi ya pamkono yokhala ndi muvi wa masekondi ndinaipeza kumsika, K5,500. Minibasi kupita ndi kubwera K3,000. Tsiku limodzi lokha K39,500 yapita, ndipo sindinagule ngakhale singano imodzi.

Musanapereke ndalama, yang'anani kamuvi ka pa kawotchi ka makinawo ngati kakhala pa 0 mpweya usanalowe. Oyamba omwe anandipatsa kanali katakwera kale pang'ono, ndinawabweza. Chomwe sindinachite, ndipo chinandidya ndalama pambuyo pake, ndi kuwapopa pomwepo kuti ndione ngati akusunga mpweya.

6 Julaye

Anthu ali pa holide ya ufulu, ine ndili kalikiliki kupanga wodi. Tebulo lodyera lasanduka tilole: pamwamba poika zoyera, pansi pake beseni la zogwiritsidwa kale ntchito. Chitenje cha amayi pachingwe ndiye katani yotchingira wodwala. Chidebe champopi chomwe chinatsala nthawi ya kolera chili pakhomo, sopo pambali.

Wodwala wanga woyamba anali agogo. Ndinalowa, n'kuyamba kulakatula mawu omwe ndinaloweza m'Chingerezi, kuwatembenuza m'mutu, ndipo zomwe zinatuluka pakamwa sizinali Chichewa sizinali Chingerezi. Agogo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Iwe mwanawe, ndi momwe akukuphunzitsirani kumeneko? Munthu wodwala osamufunsa n'komwe kuti wadzuka bwanji?"

Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti manotsi onse ali m'Chingerezi pomwe wodwala wa pa wodi amamva Chichewa, ndipo pakati pa ziwirizi palibe amene anatikonzera mlatho. Usiku womwewo ndinatenga kope, n'kulemba mawu a ntchito iliyonse m'chinenero chathu, agogo ali mkonzi. Za BP zinatuluka chonchi: "Agogo, mwaswera bwanji? Ine ndine wophunzira unamwino. Dzina lanu ndani? Ndikufuna ndikuyezeni kuthamanga kwa magazi. Ndikumangani lamba uyu pamkono, akufinyani pang'ono koma sizichedwa. Mwalola?" Pa jakisoni anandiletsa kutchula matako kwa munthu wamkulu ngati ndikuyankhula ndi mwana. Anati uzinena kuti ndikubayani cha m'chiunomu, munthuyo amva yekha. Pofunsa za mkodzo, "mwataya madzi kangati lero?" Zimenezi m'buku mulibe.

9 Julaye

Makina a BP ayamba kuvuta. Ndikapopa kufika 160 n'kutseka, kamuvi kakutsika kokha, mofulumira moti sindikutha kumva pomwe kugunda kwayambira. Mpweya umayenera kutsika pang'onopang'ono, 2 kapena 3 mmHg pa sekondi, ndipo woutsitsa ndi iwe, osati makina mwa okha.

Ndinamanga lambayo pa botolo lalikulu la madzi, n'kupopa kufika 200, n'kutseka kolimba. Pasanathe masekondi 20 anali atafika pa 120. Mnyamata wokonza njinga pamsika wathu ndiye anandipatsa nzeru: paka thovu la sopo ngati momwe amafufuzira pomwe tchubu chaboka. Thovu linayamba kutukusira pomwe kapaipi kalumikizana ndi kampira kopopera. Tinamangapo mphira ya tchubu chakale, ulere. Zinagwira.

11 Julaye

Zinagwira masiku awiri okha. Tsopano ukutulukira pa kachitsulo kotsegulira mpweya, pomwe sungamange mphira. Komwe ndinagula kuja anati katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Ndagula kampira kena ndi kachitsulo kake K6,000, mnzathu wa minibasi wandibweretsera. Bajeti ya achimwene yatha lero, yapitirira ndi K100. Kuyambira pano ndikudya ndalama yanga ya sopo ya temu ikubwerayi.

13 Julaye

Tsiku lomwe ndaphunzira zambiri kuposa temu yonse, ndiye ndichedwapo pang'ono.

Masiku onsewa ndimayeza agogo n'kumapeza cha m'ma 134/92. Ndimapopa kufika 150 chifukwa ndi pomwe dzanja langa linazolowera poyeza anzanga kukoleji, atsikana a zaka 20 omwe BP yawo sifika n'komwe 120. Lero ndinaganiza zotsata pepala la aphunzitsi mzere ndi mzere, osadumpha. Pali mzere womwe ndinkaudumpha nthawi zonse poganiza kuti ndi wongotayitsa nthawi: usanaike stethoscope, gwira mtsempha wa padzanja, popa mpaka kugunda kusiye kumveka pazala, loweza nambalayo, tsitsa mpweya wonse, dikira pang'ono, kenako popa kupitirira nambala ija ndi 30.

Ndinagwira mtsempha wa agogo n'kupopa. Pa 150 ukugundabe. Pa 160 ukugundabe. Unadzasiya cha pa 170. Ndinayamba ndaganiza kuti makina aonongekanso. Ndinapopa kufika 200 n'kumvetsera. Kugunda kunayamba pa 172, kunamveka pang'ono, kenako zii, ngati munthu wazimitsa wailesi. Kunadzabweranso cha pa 134, n'kupitirira mpaka kuzimiririka pa 94.

M'manotsi chimenechi chimatchedwa auscultatory gap, ndipo ndinachilemba bwinobwino pa pepala lolemba lija n'kupeza malikisi ake. Phokoso lomwe timamvetsera, lija lotchedwa dzina la dokotala wa ku Russia Nikolai Korotkoff amene analifotokoza mu 1905, limatha kusowa kwa kanthawi pakati, makamaka kwa okalamba omwe BP yawo ndi yokwera. Ine popopa kufika 150 ndimayambira m'kati mwa chete ameneyu, ndiye kugunda koyamba komwe ndimamva ndimakutenga ngati nambala yapamwamba. Masiku angapo ndakhala ndikuwauza agogo kuti ali bwino pomwe ndikuphonya ndi pafupifupi 40.

Ndinawapumitsa mphindi 5 atakhala pampando, nsana atatsamira, miyendo osapingasa, mkono pa tebulo molingana ndi mtima. Ndinayeza mkono wina: 170/94. Madzulo 168/92. Ine si woti ndinene kuti munthu ali ndi matenda akuti, koma nambala zopitirira 140/90 mobwerezabwereza si zosunga m'kope. Lolemba tikupita kuchipatala.

Zina zomwe ndakonza pa siteshoni imeneyi: lamba azikhala pafupifupi zala ziwiri pamwamba pa pomwe mkono umapindikira, kachizindikiro kake kalunjike pa mtsempha, ndipo asamangidwe pamwamba pa juzi. Kuno kukuzizira, agogo amavala majuzi awiri, ndipo kukwinya mkono wa juzi kumafinya mkono ngati lamba wachiwiri, bola kuvula mbali imodzi n'kuwafunditsa chitenje. Timizere ta pa kawotchi timayenda pawiripawiri, choncho 172 ilembedwe 172, osati 170 chifukwa choti yaoneka yokongola.

15 Julaye

Kuchipatala chathu chaching'ono makina awo anapeza 168/96. Analemba m'buku la agogo, anawauza achepetse mchere, abwerenso sabata yamawa adzayezedwenso. Pobwerera pa kabaza agogo anati, "Ndiye masiku onse aja umandinamiza?" Ndinalibe poyankha. Ndalama ya kabaza sindiiwerengera mu ntchitoyi, alipira ndi amayi.

17 Julaye

Jakisoni. Masirinji 10 ndi singano zake pa K250, K2,500. Malalanje K1,000, ndipo theka lake adya ana.

Lalanje aliyense amalitama, koma limaphunzitsa chinthu chimodzi chokha: kulowetsa singano mwachangu, mowongoka pa madigiri 90, dzanja lisakunjenjemera. Pamayeso sindinagwe chifukwa cha kunjenjemera. Ndinagwa chifukwa ndinabaya chidole pakati penipeni pa thako, pomwe pamadutsa mtsempha waukulu wa sciatic, womwe ukaulasa munthu akhoza kutsala akukoka phazi. Lalanje lilibe chiuno.

Ndiye ndapanga chiuno. Buluku lakale la achimwene ndalifutsa ndi nsanza, m'matako ndaikamo siponji yodula ku matilesi akale, m'chiuno ndamangamo kamtengo kopingasa kuti pakhale cholimba chogwira ngati fupa. Ndi choko ndimagawa thako panayi, n'kubaya chigawo chapamwamba chakunja. Kenako ndimafufuta choko n'kuyesa popanda mizere. Ana akuchitcha Bambo Buluku, ndipo amayi akana kuti chizigona pabalaza.

Malo ena aja a m'mbali mwa chiuno, a ventrogluteal, pa chidole sizikutheka chifukwa amafuna mafupa enieni. Mng'ono wanga wavomera kugona chammbali kuti ndizipeza malowo: chikhatho pa fupa lotuluka la pamwamba pa ntchafu, chala cholozera pa nsonga ya fupa la chiuno kutsogolo, chala chapakati chitambasukire kumbuyo motsata fupalo, pakati pa zala ziwirizo ndiye pobaya. Ndimangokhudza ndi bolopeni yotseka. Singano pa munthu wamoyo kunyumba ayi, ngakhale atakuuzani kuti saopa. Kwa khanda malo ake ndi kutsogolo chakumbali kwa ntchafu, zimenezo ndangoyesa pa mwendo wa buluku.

20 Julaye

Bambo Buluku ayamba kununkha. Madzi omwe ndimabaya amatsalira mu siponji, ndipo sabata ino kuli chiperoni, dzuwa silikuoneka. Ndang'amba thumba lakumbuyo kuti siponji izituluka, ndadula ziwiri zosinthana, ina ikamauma pafupi ndi mbaula ina ili pantchito.

Ndinaika foni pa windo n'kudzijambula, ndipo vidiyoyo inandichititsa manyazi. Nditabaya, dzanja lamanzere linatola kachivindikiro n'kubwezera pa singano, ine osadziwa n'komwe. Ndinaonera kawiri kuti ndikhulupirire. Singano yomwe yalowa mwa munthu sivindikiridwanso, imapita molunjika mu bokosi la singano, chifukwa anthu ambiri amadzibaya pa nthawi yobwezera kachivindikiro imeneyi. Kulalikira dzanja sikunathandize. Chomwe chathandiza ndi kuponya kachivindikiroko m'beseni la pansi ndikangokachotsa, kuti dzanja likakafuna lisakapeze.

Bokosi la singano ndi chigubu cholimba cha mafuta ophikira, chotseka bwino, ndipo chimagona m'sutikesi yanga yokhoma. M'nyumba muno muli ana atatu.

24 Julaye

Masamu a mankhwala sanandivute kwenikweni: mlingo womwe walembedwa, kugawa ndi womwe uli m'kabotolo, kuchulukitsa ndi kuchuluka kwa madzi ake. Gentamicin wa 80 mg mu 2 ml, wodwala akufunika 60 mg, ukoka 1.5 ml. Paracetamol wamadzi wa 120 mg mu 5 ml, mwana akufunika 180 mg, ndi 7.5 ml. Pomwe ndimapunthwa ndi pamene funso lasakaniza ma g ndi ma mg, kapena benzylpenicillin yemwe amalembedwa m'ma MU, pomwe 1 MU, mayunitsi miliyoni imodzi, ndi 600 mg. Ndikuchita mafunso 10 m'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi, opanda kakyuleta.

Dilipi ndiye inandigwetsa mochititsa manyazi. Funso linali 1000 ml pa maola 8, kapaipi ka madontho 20 pa 1 ml. Ndinachulukitsa 1000 ndi 20, n'kugawa ndi 8, n'kulemba 2500 pa mphindi, mtima uli m'malo. Maola aja ndinayenera kuwasandutsa mphindi, 480, ndipo yankho ndi 41.7, kutanthauza madontho 42. Chomwe chimandiwawa si kuiwala 60. Ndi choti nambala ya 2500 sinandidabwitse, chifukwa ndinali ndisanakhalepo pansi n'kuyang'ana madontho 42 pa mphindi kuti amaoneka bwanji.

Ndagula timapaipi ta dilipi tiwiri pa K1,500, K3,000.

26 Julaye

Botolo la madzi akumwa la 500 ml, kuboola chitsekerero ndi msomali wamoto, kulowetsa nsonga ya kapaipi, kupachika chadodolido pa msomali wa phaso. Inadontha mphindi zitatu n'kuima, botolo litayamba kufinyika. Mpweya sumalowa. Thumba la dilipi lenileni limaphwa lokha madzi akamatuluka, botolo lolimba silitero. Ndaboola kabowo kumtunda, zayenda.

Poyamba ndinaiwala kudzaza kachipinda ka madontho kufika theka ndisanatsegule, ndiye kapaipi konse kanadzaza timathovu ta mpweya. Tsopano ndondomeko ndi iyi: tseka kagudumu, lowetsa nsonga, finya kachipinda kadzaze theka, tsegula pang'onopang'ono madzi athamangitse mpweya mpaka kumapeto, tsekanso.

Madontho 42 pa mphindi ndi 10 kapena 11 pa masekondi 15. Ndimayamba ndi masekondi 15 posintha kagudumu, ndikayandikira ndiye ndimawerenga mphindi yathunthu. Ndaonanso ndi maso kuti ndikatsitsa botolo kuchoka pa phaso kufika pa msomali wa chitseko, madontho amachepa popanda kukhudza kagudumu. N'chifukwa chake pa wodi dilipi amaibwerera kukaiona, saitchera kamodzi n'kuiwala.

29 Julaye

Ndinatchera kapaipi kachiwiri pa madontho 42, kuyembekezera kuti pa ola limodzi patsike 125 ml. Ola litatha, m'kapu munali madzi ongokwana kumwera panado. Ndinafufuza ngati kapaipi kapindika, ndinakuza kabowo ka mpweya, ndinatukwana botolo. Kenako ndinatola pepala lake m'zinyalala: madontho 60 pa 1 ml. Ndi ka ana. Madontho ake ndi ang'onoang'ono, ndipo m'kachipinda muja muli kachitsulo kowonda ngati singano komwe ndikanakaona ndikanayang'ana. Pa kapaipi kameneka, 42 pa mphindi ndi 42 ml pa ola basi.

Sindikudandaula K1,500 imeneyo. Tsopano chinthu choyamba pa siteshoni ya dilipi ndi kunyamula paketi n'kuwerenga mokweza. Njira yachidule yotsimikizira yankho: peza ma ml pa ola, ukakhala ndi ka 20 gawa ndi 3, ka 15 gawa ndi 4, ka 60 nambala ndi yomweyo. 125 kugawa ndi 3 ndi 41.7, zagwirizana.

2 Ogasiti

Kusamba m'manja ndi magolovesi. Malangizo a WHO amati ndi sopo ndi madzi zitenge masekondi 40 mpaka 60, ndi sanitaiza 20 mpaka 30. Nditadziwerengera nthawi ndinapeza 18. Ndinapaka manja mafuta ophikira osakaniza ndi fumbi la makala, mng'ono wanga anandimanga chitenje kumaso, ndinasamba momwe ndimasambira masiku onse. Nditamasula: zala zazikulu zonse ziwiri zakuda bii, m'mphepete mwa zikhadabo, ndi kuseri kwa dzanja lamanja. Mpopi wa chidebe nawo unali wakuda, ndipo ndikanautseka ndi dzanja loyera ndikanabweza zonse. Ndikutsekera ndi chigongono.

Magolovesi a sterile, opanda majeremusi aja, ndagula mapeya 4 pa K1,000 peya imodzi, K4,000. Peya yoyamba inang'ambika chifukwa ndinavala manja asanaume. Kuti zikwane, ndikavula ndimawatembenuza, kuwathira pawuda wa mwana, kupinda m'mikono mwake n'kuwabwezera m'pepala lawo momwe anabwerera. Izi ndi zoyeserera kunyumba zokha, pa wodi golovesi ndi kamodzi. Makala agwiranso ntchito pano: ndimadetsa manja dala ndisanavale, ndiye paliponse pomwe khungu lakhudza kunja kwa golovesi pamatsala chidindo. Loyamba umagwira m'kati mwa mopindika, lachiwiri umalowetsa zala zovala kale kunsi kwa mopindikamo. Chala chachikulu ndiye chinali mbava, chimakhudza nthawi zonse. Pa ulendo wa 9 ndi pomwe ndinavala popanda chidindo.

5 Ogasiti

JIK K3,000. Pa botolo palembedwa 3.5%, ndipo kuti upeze 0.5% yophera majeremusi umagawa 3.5 ndi 0.5 n'kuchotsa 1: gawo limodzi la JIK, magawo 6 a madzi. Kuchoka pa 0.5% kupita pa 0.05% ndi gawo limodzi pa magawo 9 a madzi. Masamu anayenda. Chomwe sichinayende ndi choti ndinasakanizira pafupi ndi katani yanga, ndipo chitenje cha amayi cha chigwirizano tsopano chili ndi madontho oyera asanu. Sindinenapo zambiri. Katani yatsopano ndi bulangete lakale.

7 Ogasiti

Zing'onozing'ono zomwe zikhoza kubwera, ndazithamangira tsiku limodzi. Kuyala bedi ndi makona ake, pa matilesi a pansi nsana unandipweteka koma zatheka. Kutembenuza wodwala wosatha kudzitembenuza maola awiri aliwonse n'kuona pa chiuno kumbuyo, zidendene ndi mapewa ngati pakuyamba zilonda. Nambala za munthu wamkulu: mtima 60 mpaka 100 pa mphindi, kupuma 12 mpaka 20.

Pa kupuma mng'ono wanga anandiphunzitsa kanthu osadziwa. Nditamuuza kuti ndikuwerenga kapumidwe kake anayamba kupuma ngati ali pa kwaya. Ukamaliza kuwerenga mtima, usachotse zala padzanja, uzingoyang'ana chifuwa mwakabisira kwa mphindi ina.

Glasgow Coma Scale, yoyezera momwe munthu wakomokera, ndimasokoneza manambala ake, ndiye ndalemba pachitseko: maso 4, mawu 5, kuyendetsa thupi 6, zonse 15, yotsikitsitsa 3 osati 0. Pambali pake ndalemba ya ana osayankhula, Blantyre Coma Scale, yomwe Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anaikonza konkuno ku Malawi posamalira ana odwala malungo a m'bongo: maso 1, kulira 2, kuyendetsa thupi 2, zonse 5, ndipo iyo imatsika mpaka 0. Kuziika pamodzi kwathandiza kuti ndisamazisakanize.

12 Ogasiti

Bandulo ya intaneti K5,000. Mnzanga amene naye ali ndi sapu ali kwawo ku Kasungu, ndiye timaimbirana vidiyo pa WhatsApp 5 koloko m'mawa netiweki isanadzaze. Iye amagwira pepala n'kumachonga, ine ndikuchita, kenako timasinthana. Tagwirizana kuti chosanenedwa mokweza sichichongedwa, ngakhale wachiona ndi maso.

Ulendo woyamba siteshoni ya jakisoni inanditengera mphindi 11. Nthawi imathera pa kubwerera ku tilole kukatenga zomwe ndaiwala, thonje, kenako kambale, kenako buku. Tsopano ndimatchula zonse ndisanasunthe phazi. Zina zimathera pa kuyankhula kawiri, Chichewa kwa wodwala, Chingerezi kwa woyesa, mpaka ndinadula ziganizo za woyesa kukhala zazifupi: wodwala woyenera, mankhwala oyenera, mlingo, njira, nthawi, tsiku lothera ntchito, chilichonse mawu awiri atatu ndikuloza ndi chala. Lero ndamaliza pa mphindi 7 ndi masekondi 20.

Magetsi anazima pakati pa siteshoni ya BP, foni yake inatha moto, tinamalizira mawa lake.

16 Ogasiti

Agogo anawayambitsa mankhwala a BP atayezedwa kachiwiri, ndipo m'mawa uno ndapeza 148/86. Tsopano ndi iwo amene amandiitana: "Anesi, lero simutiyeza?" Akaona kuti ndadumpha kugwira mtsempha wa padzanja amabweza mkono.

Chigubu cha singano ndakachisiya kuchipatala kuja, anachilandira. Ndalongedza wotchi, stethoscope ndi kope la mawu a Chichewa.

20 Ogasiti

Masiteshoni atatu omwe aja. Pa BP wodwala anali mnyamata wa chaka chachitatu, 118/76, ndipo ndinagwira mtsempha kaye ngakhale ndimadziwa kuti sapitirira 130. Pa dilipi funso linali 500 ml pa maola 6 ndi kapaipi ka 20: 10,000 kugawa ndi 360, 27.8, madontho 28. Ndinawerenga paketi mokweza mpaka woyesa anadzutsa mutu.

Pa jakisoni thonje linagwa pansi. Dzanja linayamba kutsika kuti litole, ndinaligwira m'malere, ndinanena kuti lagwa ndipo nditenga lina. Zinandidyera masekondi, ndipo belu linalira ndikulemba m'buku la mankhwala, siginecha ndisanaike. Ndinatuluka ndisakudziwa ngati mzere umenewo wachongedwa.

30 Ogasiti

Ndakhoza masiteshoni onse atatu. Mzere wa siginecha sunachongedwe, ndinafunsa.

Ndalama zonse: fotokope K4,600, makina a BP K27,000, kampira katsopano K6,000, thermometer K4,000, wotchi K5,500, minibasi K3,000, masirinji K2,500, malalanje K1,000, timapaipi ta dilipi K3,000, magolovesi K4,000, JIK K3,000, bandulo K5,000. Pamodzi K68,600, kupitirira ya achimwene ndi K18,600, osawerengera ndalama ya sapu yomwe inalipiridwa kukoleji ndi chitenje chomwe ndikuyenera kubweza. Ndikanayambiranso, thermometer sindikanagula, ndinaigwiritsa ntchito kawiri kokha, ndipo makina a BP ndikanagawana mtengo ndi mnzanga wapafupi n'kuwapopera m'sitolo momwemo.

Temu ikubwerayi kuli kuika kapaipi ka chakudya kodzera m'mphuno ndi kapaipi ka mkodzo. Bambo Buluku alibe mutu, ndiye koyambako sikatheka pa iwo. Mng'ono wanga akuti ndikhoza kuyezera pa iye utali wake, kuchoka pamphuno kufika pakhutu mpaka pansi pa fupa la chifuwa, bola ndi ulusi, osati kapaipi. Achimwene nawo aimba dzulo kufunsa ngati buluku lawo likadali lovalika.